ZAKUDYA ZOKHALITSA M'MIMBA

Mau Oyamba

Nkhani imene tikambirane lero ikukhudza banja lililonse, chifukwa ndi nkhani ya m'mimba. Ambiri a ife timadandaula kuti: "Ndadya m'mawa womwe uno koma njala yandigwiranso." Ana akaweruka kusukulu amafika ali lefu. Abambo ali kuntchito sadutsa pa chiwaya cha tchipisi osaima. Amayi ali pamsika amatha tsiku lonse akukhwasula ichi ndi icho, koma madzulo amafika kunyumba ali ndi njala ndithu.

Tiyambe tasiyanitsa njala ziwiri. Pali njala ya kusowa chakudya, imene imavuta mabanja ambiri m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zauma ndipo chimanga cha m'munda sichinache. Imeneyo ndi nkhani yaikulu payokha. Lero tikukamba za njala ina: njala ya munthu amene wadya, koma pakangopita maola awiri m'mimba mwayambanso kulira. Kawirikawiri njala imeneyi imabwera chifukwa cha mtundu wa chakudya chimene tadya, ngakhale titadya chambiri.

1. Chifukwa chiyani njala imabweranso msanga?

Tiyeni tione chimene chimachitika m'thupi. Munthu akamwa tiyi wa shuga wambiri ndi buledi woyera kapena mandasi, chakudya chimenechi chimagayika mofulumira kwambiri. Shuga amalowa m'magazi nthawi imodzi. Pofuna kuchepetsa shugayo, thupi limatulutsa madzi ena otchedwa insulini. Shuga uja amatsika msanga monga momwe anakwerera, ndipo munthu amayamba kumva kufooka, kuyasamula ndi kulakalaka chinthu china chotsekemera. Akagula china, zomwe zija zimabwerezanso.

Tingayerekeze ndi moto. Moto wa mapesi kapena wa udzu umayaka mwamphamvu koma suchedwa kuzima, ndipo wophika amangokhalira kusonkhezera. Moto wa chikuni cha tsanya umayaka pang'onopang'ono mpaka nyemba kupsa. Zakudya zathu zilinso chimodzimodzi: zina ndi mapesi, zina ndi chikuni.

M'chaka cha 1995, akatswiri a pa yunivesite ya Sydney ku Australia, motsogozedwa ndi Susanna Holt, anayesa mitundu 38 ya zakudya pofuna kuona kuti ndi ziti zimene zimakhutitsa munthu nthawi yaitali. Chakudya chilichonse anachipereka pa muyeso wopatsa mphamvu zofanana. Anapeza kuti mbatata ya kachewere yowiritsa inakhutitsa kuposa zonse, mopitirira katatu kuyerekeza ndi buledi woyera. Nsomba, phala, nyemba, mazira ndi zipatso zinachitanso bwino. Makeke ndi madonati, amene ndi abale ake a mandasi, anali m'gulu la zakudya zosakhutitsa konse. Kachewere yemweyo atakazingidwa m'mafuta kukhala tchipisi anataya mphamvu yake yaikulu yokhutitsa. Apa tikuona kuti kaphikidwe nakonso ndi kofunika.

2. Zinthu zinayi zimene zimagwira m'mimba

(a) Gaga. Uyu ndi khungu la mbeu ndiponso timitsitsi ta m'masamba ndi m'zipatso, zimene akatswiri amazitcha faiba. Gaga sagayika msanga, choncho amachedwetsa chakudya m'mimba ndipo shuga amalowa m'magazi pang'onopang'ono. Amathandizanso kuti munthu asadzimbidwe.

(b) Zomanga thupi, zimene ena amati mapuloteni. Pa zakudya zonse, izi ndizo zimaletsa njala kwambiri. Timazipeza mu nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya, mtedza, usipa, matemba, mazira, mkaka, nyama, ngumbi ndi mphalabungu.

(c) Madzi a m'chakudya. Maungu, mbatata yowiritsa, masamba ndi zipatso zimadzaza m'mimba popanda kulemetsa thupi. Bisiketi ndi wouma ndiponso wopepuka: munthu atha kumaliza paketi yonse osamva kuti wadya.

(d) Mafuta pang'ono. Nsinjiro, mapeyala kapena supuni ya mafuta ophikira m'ndiwo zimachedwetsa chakudya kuchoka m'mimba. Tikuti pang'ono, chifukwa mafuta akachuluka amanenepetsa.

A zaumoyo ndi alangizi a zaulimi m'dziko muno amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Taonani kuti gulu la nsima, mpunga, chinangwa ndi mbatata ndilo limatchedwa zokhutitsa. Komabe gulu limeneli likakhala lokha m'mbale silikhalitsa. Limafuna anzake asanu aja.

3. Mgaiwa ndi ufa woyera

Pano tikambe mosabisa. Ambiri a ife tinakula tikumva kuti nsima ya mgaiwa ndi ya anthu osauka, ya kundende kapena ya kusukulu zogonera komweko. Mlendo akabwera timachita manyazi kumuphikira mgaiwa. Koma tiyeni tiganizire zimene timachita popanga ufa woyera. Timakonola chimanga, kupeta, kuviika mphale m'madzi masiku angapo, kutsuka, kuyanika, kenaka kupita nayo kuchigayo. Pokonola paja timachotsa gaga ndiponso kamtima ka njere, m'mene muli mafuta, mavitamini ndi zina zomanga thupi. Madeya timapatsa nkhuku ndi nkhumba. Zimanenepa ndi ziwetozo, ife n'kutsala ndi ufa wokongola m'maso koma wosakhalitsa m'mimba.

Palinso phindu lina. Thumba la chimanga likagayitsidwa mgaiwa limatulutsa ufa wambiri kusiyana ndi likakonoledwa, chifukwa palibe chotayika. Banja limene nkhokwe yake ndi yaing'ono lingathe kutalikitsa chakudya chake pongosintha kagayitsidwe.

Ngati a m'banja mwathu sanazolowere mgaiwa, tisawakakamize tsiku limodzi. Tiyambe ndi kusakaniza mgaiwa ndi ufa woyera, kapena kugayitsa gramilu. Tikumbukirenso kuti mgaiwa suchedwa kuwawa chifukwa cha mafuta ake, choncho tizigayitsa wokwanira masabata ochepa ndi kuusunga pouma. Mapira ndi mawere, mbeu zimene makolo athu ankadalira, nazonso zimagwira m'mimba ndipo zimapirira chilala.

4. Chakudya cha m'mawa ndicho chiwongolero cha tsiku

Njala ya pafupipafupi nthawi zambiri imayambira m'mawa. Mwana amene wapita kusukulu atangomwa tiyi wopanda mkaka, pofika 10 koloko samvanso zimene aphunzitsi akunena. Maganizo ake ali pa zogulitsa za kuseri kwa mpanda wa sukulu. Nazi zakudya za m'mawa zimene zimakhalitsa, zomwe zambiri timalima tokha:

- Phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena ufa wa soya. Phala lotchuka la Likuni, limene linatenga dzina lake ku chipatala cha mishoni cha Likuni pafupi ndi Lilongwe, maziko ake ndi omwewa: chimanga ndi soya. Pakhomo tingasakanize makapu anayi a chimanga ndi kapu imodzi ya soya wokazinga bwino n'kugayitsa pamodzi. Soya wosakazinga kapena wosaphika bwino amavuta kugayika.
- Futali wa mbatata, wa maungu kapena wa chinangwa. Mbatata yofiira m'kati ili ndi ubwino woonjezera wa vitamini A.
- Mbatata kapena chinangwa chowiritsa, pamodzi ndi mtedza wodzaza dzanja kapena dzira limodzi.
- Chimanga chophika pamodzi ndi nyemba kapena nzama.
- Mkute wa dzulo ndi ndiwo zake, koma utenthetsedwe mpaka utuluke nthunzi.

5. Mbale ya masana ndi madzulo

Mwambo wathu ndi woti nsima ikhale phiri, ndiwo zikhale zongopakira. Tiyeni titembenuze pang'ono. Tichepetse mtanda umodzi wa nsima, tionjezere chipande cha nyemba kapena nandolo ndi chipande china cha masamba. Nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, chigwada, khwanya ndi luni safuna ndalama zambiri, ndipo akatenderedwa ndi nsinjiro amakhala ndiwo zokwana. M'chilimwe mfutso umagwira ntchito yomweyo. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 pa tsiku.

Tizidyanso modekha. Pamatenga mphindi pafupifupi 20 kuti uthenga woti takhuta uchoke m'mimba kufika ku ubongo. Wodya mothamanga amadya mopitirira muyeso asanazindikire.

6. Nanga njala ikatigwira pakati pa tsiku?

Sitikunena kuti kudya kanthu pakati pa chakudya cha m'mawa ndi cha masana n'kulakwa. Amene akulima, kuumba njerwa kapena kupalasa njinga ya kabaza amafunikadi kuonjezera mphamvu. Nkhani ili pa kusankha. Tiyambe tamwa madzi, chifukwa nthawi zina ludzu timaliyesa njala. Ngati njala ikadalipo, tisankhe mtedza, nthochi, magwafa, mango, mapapaya, masuku, chimanga chootcha, mbatata yootcha kapena thobwa losachulutsa shuga. Chipatso tichidye chathunthu, pakuti tikachifinya n'kumwa madzi okha gaga uja watsala. Mtedza tizisankha bwino ndi kutaya wonse wachuku kapena wofota, chifukwa chuku chimenechi chili ndi poizoni woononga chiwindi.

Tichenjere ndi zakumwa zotsekemera. Botolo limodzi la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8. M'chaka cha 2015 bungwe la WHO linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku. Kwa munthu wamkulu awa ndi masupuni aang'ono pafupifupi 12, ndipo n'kwabwino koposa kutsika kufika pa 6. Tikaphatikiza botolo limodzi ndi makapu awiri a tiyi wothira masupuni atatuatatu, taupitirira kale muyesowo. Choipa china n'chakuti shuga wakumwa sakhutitsa.

Akuluakulu anati: ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kukhwasulakhwasula kumaonjezera thupi mosadziwika, ndipo kunenepa kwambiri kumatsegula khomo la matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kumaononganso mano a ana athu. Ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo: aliyense awerengere ndalama zimene banja lake limatayira pa mandasi, masiwiti, tchipisi ndi zakumwa pa sabata imodzi, kenaka afunse pamsika kuti ndalama zomwezo zingagule nyemba kapena usipa wochuluka bwanji.

7. Chenjezo

Malangizo awa asatichititse kumana chakudya anthu amene akuchifunadi. Ana aang'ono ali ndi mimba zazing'ono, choncho ayenera kudya kangapo pa tsiku, kanayi kapena kasanu, ndipo phala lao likhale lolimbirako, lothira nsinjiro, dzira kapena ufa wa usipa. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, odwala ndi amene akuchira ayeneranso kudya moonjezera.

Komanso si njala yonse imene imathetsedwa ndi mgaiwa. Ngati munthu akumva njala nthawi zonse, ludzu losatha, akukodza pafupipafupi makamaka usiku, ndiponso akuonda chonsecho akudya, apite kuchipatala akayezetse shuga mosachedwa. Mwana amene amadya koma osakula, aonedwe ngati ali ndi njoka za m'mimba kapena matenda ena. Kusagona mokwanira ndiponso nkhawa nazo zimaonjezera chilakolako cha zotsekemera.

Mau Otsiriza

Abale ndi alongo, zakudya zokhalitsa m'mimba zili m'minda yathu, m'madimba ndi m'misika yathu yomwe ino. Zambiri mwa izo ndi zomwe tinayamba kuzinyoza poganiza kuti za m'mapaketi ndizo za anthu otsogola. Tikupempha banja lililonse kuti sabata ino liyese chinthu chimodzi chokha: lisinthe chakudya cha m'mawa, liphike phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena futali, kenaka lione nthawi imene ana ayambe kudandaula njala. Tikadzakumananso tidzauzane zimene tapeza.

Mafunso Okambirana M'magulu

1. Kodi m'banja mwathu timadya chiyani m'mawa? Nanga njala imatigwiranso nthawi yanji?
2. N'chifukwa chiyani anthu ambiri kwathu kuno amanyoza mgaiwa? Tingawathandize bwanji kusintha maganizo?
3. Ndi mbeu ziti za mtundu wa nyemba zimene zimachita bwino m'dera lathu? Kodi timasungako zokwanira kudya, kapena timagulitsa zonse?
4. Kodi ana athu timawapatsa ndalama kapena chakudya popita kusukulu? Ndi chakudya chiti chimene angathe kunyamula?