Madzi Akatayika Saoleka: Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Msonkhano wa Makomiti a M'madoko ku Mangochi

 

Ndiloleni ndiyambe ndi nkhani ya amphaka. Ku Japan kuli dera la asodzi lotchedwa Minamata. M'zaka za m'ma 1950, amphaka a kumeneko adayamba kudzandira ngati aledzera, ena mpaka kugwera m'nyanja. Mu 1956 madokotala adayamba kulandira anthu amene manja ndi milomo zidachita dzanzi, olephera kuyenda ndi kuyankhula bwino. Amayi ooneka athanzi ankabereka ana olumala ubongo. Gwero lake linali fakitale ya kampani ya Chisso, imene inkathira m'nyanja madzi okhala ndi mercury kuyambira 1932 mpaka 1968. Anthuwo sadamwe poizoni. Ankangodya nsomba, monga timachitira ife tsiku ndi tsiku.

Mercury ndi chitsulo chamadzimadzi chija chonyezimira ngati siliva, chimene chinkakhala m'kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Amapezekanso m'mababu ena ataliatali, m'mabatire ena ang'onoang'ono, ndi m'mafuta ena oyeretsa khungu. Kuipa kwake n'kwakuti saola. Mukamuotcha amasanduka nthunzi, mphepo n'kumunyamula, mvula n'kumubwezera pansi, mitsinje n'kumutsitsira kunyanja. Akafika m'matope a pansi momwe mulibe mpweya wabwino, tizilombo tosaoneka ndi maso timamusandutsa mtundu wina woopsa kwambiri, umene umakanirira m'mnofu.

Apa asodzi mundimvetsa kuposa wina aliyense, pakuti mukudziwa chimene nsomba iliyonse imadya. Tizamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi timatenga mercury pang'ono. Usipa ndi utaka zimadya tizamoyoto tambirimbiri. Ncheni ndi kampango zimadya tinsomba tochuluka pa moyo wawo wonse. Aliyense wodya mnzake amasenza katundu wa onse amene wawadya, ndipo womaliza kusenza ndi munthu. Kuwamba, kuyanika pathandala kapena kukazinga sikuchotsa poizoniyu. Amene amavutika koposa ndi mwana amene ali m'mimba, chifukwa mercury amaononga ubongo umene ukungoumbika kumene.

Tsono musabwerere kunyumba n'kukataya ndiwo. Akatswiri amene adayeza nsomba za m'nyanja ya Malawi adapeza kuti mercury ndi wochepa kwambiri. Idyani nsomba, dyetsani ana. Ine ndabwera chifukwa nyanja idakali yoyera, ndipo nthawi yoiteteza ndi ino.

Nyanja yathu ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, mtsinje wa Shire umene ukuyambira pano pa Mangochi n'kudutsa m'nyanja ya Malombe. Madzi ambiri satulukira pakhomopo, amakwera kumwamba ngati nthunzi n'kusiya zonse zimene adabwera nazo. Kuti nyanja yozama mamita pafupifupi 700 isinthe madzi ake onse kudzera mu Shire pamafunika zaka mazanamazana. Chimene tithiremo lero adzachipeza zidzukulu za zidzukulu zathu.

Mafumu anga, golide wamveka ku Makanjira ndi ku nkhalango ya Namizimu. Sindikunyoza wokumba, pakuti naye akusaka chakudya cha ana. Koma pa dziko lonse lapansi, migodi ing'onoing'ono ya golide ndiyo imatulutsa mercury wambiri mumlengalenga, kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Wokumba amasakaniza mercury ndi mchenga kuti agwire golide n'kupanga kampira, kenaka amaotcha kampirako. Utsi woyamba amaupuma yekha ndi banja lake, zotsala zimatsikira kumtsinje. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Golide angathe kupetedwa ndi madzi popanda mercury, ndipo alangizi a zamigodi afike kumeneko akaphunzitse anthu njirazi.

Mu 2013 mayiko adagwirizana pangano lothana ndi mercury, n'kulitcha dzina la Minamata, ndipo Malawi adasainira nawo. Koma pangano silingayende lokha kukafika ku Malindi kapena ku Msaka. Miyendo yake ndi inu.

Pempho langa ndi ili. Mafumu, mlendo wobwera ndi kabotolo ka mercury m'mudzi mwanu musamupatse malo. Makomiti a m'madoko, zinyalala zisaotchedwe pagombe, ndipo mabatire otha a matochi asaponyedwe m'madzi. Amayi ndi atsikana, khungu limene Mulungu adakupatsani ndi lokongola kale, mafuta osadziwika bwino asiyeni.

Akuluakulu muli pano mukukumbukira mmene chambo chinkadzadzira mabwato ku Malombe. Tidachedwa kudzuka, ndipo makomiti anuwa adayamba mu 1993 chambo chitachepa kale. Komabe chambo chimaswana tikachipatsa mpata. Mercury akalowa, palibe nyengo yotseka nyanja imene ingamuchotse. Madzi akatayika saoleka.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti msonkhano wathu watsegulidwa. Mulungu adalitse Mangochi, adalitse Malawi.