Mbiri ya Shifty Records, Kampani Yaing'ono ya Nyimbo ku Johannesburg

 Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za kampani ina yaing'ono yojambula nyimbo, dzina lace Shifty Records, imene inali mu mzinda wa Johannesburg, uja tizolowera kuucha Joni.

Akuruakuru mwa inu akumbukira kuti amuna opita ku migodi pa Wenela anali kubwera ndi galamafoni ndi mbale za nyimbo za kwela. Mbale zimenezo zinali kupangidwa ndi makampani akuru, monga EMI ndi Gallo, imene inayamba caka ca 1926. Kampani imene tikamba lero inali yocepa ndithu poyerekeza ndi amenewa, koma inagwira nchito imene akuruwo anaiopa.

Poyamba tiyeni timvetse njira imene nyimbo inali kuyendamo masiku amenewo, kucokera pakamwa pa woimba kufikira m'khutu la womvera. Panali zipata zinai. Coyamba cinali nyumba yojambuliramo mau, ya makina a mtengo wapatali. Caciwiri cinali fakitale yodinda zimbale. Cacitatu cinali wailesi, pakuti munthu sagula nyimbo imene sanaimvepo. Cacinai cinali sitolo. Tsono boma la tsankho la South Africa silinafunike kumanga woimba aliyense. Kutseka cipata cimodzi kunali kokwanira. Ku wailesi ya boma, ya SABC, kunali anthu oyesa mau a nyimbo iliyonse, ndipo nyimbo yokanidwa anali kuikanda pa cimbale ndi cinthu cakuthwa, kuti woulutsa asaiike ngakhale moiwala. Nyimbo zinagawidwanso monga mwa mitundu ndi zinenero za anthu, cotero kuti nyimbo yosakaniza zinenero inali kusowa malo. Makampani akuru, posafuna kutaya ndarama, anali kupewa oimba otere.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 anyamata awiri acizungu, Lloyd Ross ndi Ivan Kadey, anapangana kutsegula cipata coyamba cija. Onse awiri anali oimba a nyimbo za magitala zochedwa rock. Kadey anali m'gulu la National Wake, la Azungu ndi anthu akuda pamodzi, limene apolisi anali kulibvutitsa kosaleka. Iwo anagula makina, nawaika m'kanyumba ka mateyala kokokedwa ndi galimoto. Dzina lakuti Shifty licokera ku mau a Cingerezi onena za kusuntha, pakuti nyumba yao yojambuliramo inali yosamuka-samuka.

Kodi phindu la nyumba yoyenda ndi lotani? Taonani. Ku Lesotho kunali gulu la Sankomota, lotsogozedwa ndi Frank Leepa, limene boma la South Africa linaliletsa kulowa m'dzikomo. Popeza oimbawo sanathe kudza ku Johannesburg, Ross anakoka kanyumba kace napita nako ku Lesotho caka ca 1983, najambula cimbale cao coyamba komweko. Caka cotsatira anajambula makwaya a anchito a m'mafakitale, a m'bungwe la FOSATU, anthu amene kampani yaikuru sikadawaitana ngakhale pakhomo.

Koma walira mvula walira matope. Atatsegula cipata coyamba anapeza zinazo ziri zotseka. Cimbale coyamba ca gulu la Kalahari Surfers, la Warrick Sony, anakacidindira ku England, cifukwa odinda a m'dzikomo anacikana. Caka ca 1985 James Phillips, podzicha Bernoldus Niemand, anaturutsa cimbale ca m'cinenero ca Afrikaans, momwe munali nyimbo ya mnyamata wamantha wokakamizidwa kulowa usilikari. Wailesi ya boma inacikana. Caka ca 1986, pamene boma linaika malamulo a nthawi ya cipwirikiti m'dziko lonse, Shifty inaturutsa Change is Pain, ndakatulo za Mzwakhe Mbuli pamodzi ndi zoimbira. Boma linaciletsa, koma anthu anacigula mwakabisira, napatsirana makaseti dzanja ndi dzanja m'makomboni. Mwini waceyo anatsekeredwa m'ndende miyezi ingapo caka ca 1988 popanda kuzengedwa mlandu. Caka comweco cinaturuka cimbale coyamba ca gulu la Tananas, limene mmodzi wa oimba ace anali Gito Baloi, mbadwa ya ku Mozambique.

Cinthu cimene cinadzidzimutsa boma koposa cinacitika caka ca 1989. Shifty, pamodzi ndi nyuzipepala ya Vrye Weekblad, inakonza ulendo wa oimba wochedwa Voëlvry. Mau amenewa ali ndi matanthauzo awiri: womasuka ngati mbalame, ndiponso munthu wosakidwa amene lamulo silimteteza. Oimba ace anali Johannes Kerkorrel, Koos Kombuis ndi James Phillips yemwe uja. Iwo anayendera mizinda ndi mayunivesite, naimba m'cinenero ca olamulira eni ace, nanyoza tsankho pamaso pa ana a olamulirawo. Akuru a mayunivesite ena, monga ya Stellenbosch, anawaletsa kuimba pa sukulu zao, koma ophunzira anawatsata kumene anasamukira. Boma linazolowera kuneneza adani ace kuti ndi anthu akunja. Tsopano mau otsutsa anali kucokera m'nyumba mwace momwe.

Musaganize kuti eni kampaniyi analemera. Cimbale cosamveka pa wailesi sicigulidwa ndi ambiri, ndipo masitolo ena anali kuopa kucisunga. Ndarama zinali kusowa caka ndi caka. Kadey anacoka m'dzikomo kumka ku America, ndipo Sony analowa m'malo mwace kuthandizana ndi Ross. Nelson Mandela anaturuka m'ndende pa 11 February 1990, ndipo caka ca 1992 Shifty inaturutsa cimbale coyamba ca Vusi Mahlasela, When You Come Back, conena za kubwerera kwa iwo amene anathawa kwao. Woimba yemweyo anaimba pa tsiku lolumbiritsa Mandela caka ca 1994. Koma ufulu utadza, zipata zinatseguka kwa onse, makampani akuru anayamba kulimbirana oimba amene kale anali kuwapewa, ndipo nchito ya kampani yaing'onoyo inazirala pang'onopang'ono. Ross anatembenukira ku nchito yojambula mafilimu. James Phillips anamwalira caka ca 1995 atabvulala pa ngozi ya galimoto, ndipo Gito Baloi anaphedwa ndi mfuti ku Johannesburg caka ca 2004.

Makolo athu anati mau a akuru akoma akagonera. Caka ca 2014 anthu anasonkhana ku Johannesburg kukumbukira nchito ya Shifty, ndipo bungwe la South African History Archive linasamalira matepi, zithunzi ndi makalata ace. Munthu wofuna kudziwa cimene anchito, olakatula ndi anyamata a m'dziko lija anali kuimba m'zaka za mantha, acipeza m'menemo.

Tsono inu aphunzitsi, ndi inu anyamata amene muli ndi makina ojambulira mau m'thumba mwanu, lingalirani za oimba a kwanu, woimba bangwe kapena kalimba amene wakalamba, ndi kwaya ya pa nchito panu. Kodi mau ao alipo pena pamene zidzukulu zidzawamve? Ross ndi Kadey anayamba ndi kanyumba ka mateyala.