DAMU LA DOTHI NDI MADZI OSEFUKIRA

Mau onenedwa pa msonkhano wa mafumu ndi abale a Bungwe, kwa Mlonyeni, Mchinji.

 

Nkhani imene mwandituma ndiyo ya madamu a dothi, aja ang'ono ang'ono ocinga madambo m'midzi ndi m'maesiteti. Alipo ena pakati pathu amene anena kuti damu ndilo linga la midzi ya kumunsi, pakuti limeza madzi osefukira. Aliponso ena amene apempha kuti tiunjike matumba a mcenga pa ngalande yotayira madzi, kuti damu lisunge madzi ambiri a madimba ndi ng'ombe kufikira October. Onsewa afuna zabwino, koma zofuna zaozo zitsutsana, ndipo ndifuna kuonetsa pamene zitsutsanapo.

Tiyambe ndi kuwerenga madzi. Ife tikhala ku mutu wa mitsinje. Bua uturuka m'mapiri a Mchinji, nulandira Rusa ndi timitsinje tambiri, kufikira utsira m'nyanja ku Nkhotakota. Malire athu ndi Zambia atsata msana wa mtunda wogawa madzi: mvula ya tsidya ilo ipita ku Luangwa, ya tsidya lino idza kwa ife. Cotero madzi odzaza madamu athu ndiwo ogwa m'mapiri ndi m'minda yathu yomwe, ndipo akadza ndi matope palibe mnansi womloza cala. Mvula ya mamilimita 50, imene ikhoza kugwa usiku umodzi mu January kapena February, ikagwa pa mahekitala 100, madzi ace akwana migolo 250,000 ya malita 200. Pa thengo la mitengo ndi udzu nthaka imwa ambiri a madziwo. Pa phiri lometedwa ndi pa munda wa mizere yotsetsereka, ambiri athamangira ku dambo nthawi imodzi.

Tsono damu licita ciani ndi madzi otere? Mu December, likali lophwa, liwameza ndithu, ndipo a kumunsi agona tulo. Koma mtsuko wodzala sulandira madzi ena. Pofika February damu ladzala, ndipo madzi onse olowa ayenera kuturukanso. Cimene damu lodzala likhoza ndi ici cokha: madzi ofika mwaukali ayamba ayanza pa thamanda lonse, nakwera pang'ono, naturuka pa ngalande mosathamanga; motero cigumula cimene cikadapita msanga ndi msinkhu waukuru citenga maora ambiri, ndipo msinkhu wace kumunsi ucepa. Thandizo limeneli nloona, koma nlaling'ono, ndipo licepabe pamene matope a m'minda alikukwirira thamanda. Cifukwa cace ndipempha anyakwawa kuti asagawe malo a nyumba m'mbali mwa mtsinje kumunsi kwa damu poyesa kuti damulo lidzawateteza.

Tsopano ngalande yotayira madzi, pamene pagona mlandu wathu. Mdani wamkuru wa khoma la dothi ndiye madzi oyenda pamwamba pace. Khoma la simenti likhoza kupirira; koma la dothi, madzi akangolumpha, ayamba kukumba kumbuyo kwace, kamsewu kakang'ono kasanduka cigwembe, ndipo pa nthawi yocepa khoma lang'ambika kufikira pansi. Pamenepo madzi amene anasonkhana miyezi itatu aturuka pamodzi, ndiwo cigumula coposa cimene mvula yokha ikadadza naco pakadapanda damu. Ndico cifukwa amisiri akumba ngalande pambali, pa nthaka yolimba yosaunjikidwa, naisiya yotsika kuposa mutu wa khoma, kawiri kawiri mita imodzi kapena kuposapo. Mpata umenewo ena auyesa malo otayika, poona khoma louma pamwamba pa madzi. Suli wotayika ai. Ndiwo malo osungira mvula yaikuru ija imene idza kamodzi pa zaka zambiri. Mukaunjika matumba a theka la mita pa ngalande, mwadya theka la mpatawo, ndipo simudzaona coipa caka coyamba kapena caciwiri. Apa ndipo ponyenga pace.

Ku America, m'dziko la Pennsylvania, kunali damu la dothi la South Fork, limene eni ace anali anthu olemera okonda kuwedza nsomba. Iwo anatsitsa mutu wa khoma kuti pakhale njira yotakata ya magareta, nacinga ngalande yotayira ndi zitsulo zolukana kuti nsomba zao zisathawe. Pa 31 May 1889 kunagwa mvula yaikuru, zinyalala zinatseka zitsulo zija, madzi analumpha khoma, ndipo anthu 2,209 anafa ku Johnstown ndi midzi yoyandikana. Damulo linali lalikuru kuposa athu, koma macitidwe ace tiwadziwa tonse. Ife tiika mono ndi mipanda ya bango pa ngalande. Tilima mpiru ndi nzimbe momwemo, popeza mpa cinyontho. Ngolo zathu zidutsa pamwamba pa khoma kufikira pakati pace pakhala polowa, ndipo polowapo ndi pamene madzi adzayamba kulumphira.

Musati izi nzakale kapena za kutali. Pa 9 May 2018 damu la dothi la pa munda wa ku Solai, m'dera la Nakuru ku Kenya, linagumuka usiku, ndipo anafa anthu oposa 40, ambiri a iwo ana. Kwathu konkuno, mu January 2022, madzi a namondwe Ana anagumula mbali ya damu la Kapichira pa Shire, ndipo dziko linataya mamegawati pafupi 130 a magetsi kufikira 2023. Ngati nchito yokhala ndi amisiri usana ndi usiku inagonja, nanga khoma limene palibe woliyendera?

Mdani waciwiri adya khoma m'kati, mwakacetecete. Damu lirilonse la dothi licucha pang'ono, ndipo cinyontho ca kumunsi kwa khoma si coopsa pa cokha. Yang'anani maonekedwe a madziwo. Akakhala oyera, ndi muyeso wace wosasintha, khoma liri bwino. Akakhala a matope, kapena akacuruka tsiku ndi tsiku, kapena mukaona kasupe wowira ndi kamulu ka mcenga pozinga pace, dziwani kuti madzi alikuturutsa dothi la khoma, ndipo una umenewo ulikukula kubwerera ku thamanda. Otsegula njira zotere ndiwo ciswe, mfuko, ndi mizu ya mitengo. Mtengo pa khoma ukondweretsa maso ndi kupatsa abusa mthunzi, koma ukafa mizu yace iola nisiya mauna. Timitengo tating'ono tidulidwe caka ndi caka. Waukuru usazulidwe popanda mmisiri, pakuti kuzulako kung'amba khoma. Cobvala coyenera khoma ndiye kapinga wamfupi, wosatenthedwa ndi moto wa osaka mbewa. Ming'alu nayo iri mitundu iwiri: wotsata utali wa khoma ucenjeza kuti dothi lifuna kutsetsereka, koma wodutsa khoma copingasa ndiwo woopsa koposa, popeza ndiwo njira ya madzi yokonzeka kale.

Za ng'ombe ndinena mwaulemu, podziwa kuti ndirikulankhula pamaso pa Angoni. Ziboda zipha udzu ndi kukumba tinjira totsika pa khoma, ndipo mvula itsata tinjirato. Ng'ombe zimwe kumtunda kwa thamanda, pa malo amodzi osankhika, kutali ndi khoma ndi ngalande.

Kodi tsono abale ofuna madzi ambiri a cilimwe tiwabweze manja okha? Iai, pempho lao nlolungama. Colakwika ndi matumba. Madzi amene alikusowa anawalanda ndi matope. Thamanda likaphwa, matope akumbidwe ndi kutayidwa kutali, osakumba pafupi ndi phazi la khoma; ndipo kumtunda minda ikhale ndi mizere yopingasa ndi udzu wa vetiva, ndi lamba wa udzu wosalimidwa m'mbali mwa dambo. Ngati zimenezi sizikwanira, khoma lomwe likwezedwe ndi kukulitsidwa pamodzi, poyesa mmisiri wa ku Boma. Lamulo la Madzi la 2013, limene linakhazikitsa National Water Resources Authority, liika nchito zocinga madzi pansi pa cilolezo; si kanthu kocita mudzi usiku ndi makasu.

Bvuto lotsala ndilo umwini. Madamu ambiri anamangidwa ndi esiteti, kapena Boma, kapena bungwe lothandiza limene linapita kale. Omwera ndi ambiri, woyendera palibe. Apa mpamene mau a mfumu aposa a mmisiri. Ndipempha kuti nyakwawa aliyense wokhala ndi damu m'dera lace alembetse kwa Inkosi dzina la munthu mmodzi wolisunga, amene adzayenda pa khoma lonse ndi m'ngalande mvula isanayambe, ndi m'mawa uliwonse wotsata mvula yaikuru. Pa thamanda pazikidwe mtengo wokhala ndi cizindikiro cofiira, ca pa msinkhu umene mmisiri adzaonetsa. Madzi akafika pa cizindikiro, kapena ocucha akasanduka a matope, ng'oma ilire ndi mafoni aimbidwe, ngakhale pakati pa usiku. A kumunsi akwere ku mtunda wa pambali, asathawe motsata mtsinje, ndipo komiti ya za ngozi idziwitse ku Boma.

Wa pa Mpando, ndiika pempho ili pamaso pa msonkhano: kuti matumba, mono ndi madimba zicotsedwe m'ngalande zonse usanathe mwezi wa October, ndi kuti maina a osunga madamu awerengedwe pa msonkhano ulinkudza. Bayete!