Nkhwani wotendera: tifunse amayi akadali ndi moyo

Asisi anga, lero tikambe za ndiwo. Ambirife spaghetti tinaphunzira pa TikTok, koma akati tendera nkhwani, timayamba kuyang'ana kumbali.

Ine ndimaphika chonchi. Sadzulani masamba anthete, mutsuke, muduledule. Madzi akhale ochepa, ongofewetsera masamba. Akawira, ikani mchere, nkhwani ndi tomato. Masamba akafewa, thirani nsinjiro pamwamba, osatakasa ayi, muvundikire mphindi ngati zisanu kuti zipse ndi nthunzi. Apa ndi pamene ambiri amapupuluma, ndiye ndiwo zimamveka mtedza wauwisi. Kenako takasani, muphuleko makala pa mbaula, zibwate pang'onopang'ono. Mafuta musathire, mtedza uli ndi ake. Ndi mmene mafuta ophikira akwereramu, imeneyo ndi ndalama yotsala m'thumba.

Koma amayi athu sayeza ndi kapu, amayeza ndi dzanja. Agogo akatisiya, kacheezedwe kawo ka chidulo kamapita nawo. Ndiye sabata ino aimbireni, muwafunse za futali, chigumu, thobwa, muwajambule mawu pa foni. Loweruka tidzamvetsere limodzi. Azichimwene anu muwatengenso, paja nsima amadya nawo.