Matipoti a ku Yixing ndi Ng'anjo ya Chinjoka

Nkhani ya lero yachokera kutali, ku dziko la China, kumene kunayambira mwambo wa kumwa tiyi. Tiyi amene amalimidwa ku Thyolo ndi ku Mulanje, amene amatenthetsa m'mimba mwa anthu m'mawa uliwonse m'maboma onse a Malawi, kholo lake ndi chitsamba chimene anthu a ku China anayamba kulima kalekale. Anthuwo sanalekere pa kulima pokha. Anafunafunanso chiwiya choyenera kuviikamo masambawo, ndipo chimene chinaposa zonse ndi kamphika ka dothi koumbidwa ndi manja mu mzinda wa Yixing, m'chigawo cha Jiangsu, kumadzulo kwa nyanja ya Taihu.

Kale ku China tiyi sankafuna tipoti. Masamba ankawaumba m'mibulu, ndipo wofuna kumwa ankapera m'buluwo kukhala ufa, n'kuutakasa ndi madzi otentha m'mbale. Ntchito yokonza mibuluyi inali yolemetsa kwa alimi, makamaka amene ankapereka tiyi ngati msonkho ku nyumba ya mfumu. M'chaka cha 1391 mfumu Hongwu, imene inayambitsa ufumu wa Ming, inalamula kuti msonkho wa mibulu uthe ndipo anthu azipereka masamba osaumba. Kuchokera pamenepo anthu anazolowera kuviika masamba m'madzi otentha, ndipo pakufunika chiwiya chokhala ndi chivundikiro, chogwirira ndi mlomo wothirira, amisiri a ku Yixing anapeza ntchito imene yawadyetsa zaka pafupifupi 500.

Mabuku akale a kumeneko amatchula mnyamata wina dzina lake Gong Chun, wantchito wa munthu wophunzira, kuti ndiye anayamba kutchuka ndi luso limeneli. Akuti anaphunzira poonera wansembe wa Chibuda pa kachisi wa Jinsha, m'nthawi ya mfumu Zhengde imene inalamula kuyambira 1505 mpaka 1521. Umboni wogwirika unapezeka pafupi ndi mzinda wa Nanjing, m'manda a Wu Jing, nduna ya ku nyumba ya mfumu imene inaikidwa m'zaka za m'ma 1500. M'mandamo munali tipoti ya dothi la ku Yixing, ndipo pathupi pake pali madontho amene anagwa kuchokera ku mitsuko ina imene inawotchedwa nayo pamodzi.

Chinsinsi choyamba chili m'dothi. Dothili amalitcha zisha, kutanthauza mchenga wofiirira, ndipo mtapo wake wotchuka uli pa phiri la Huanglong, m'tauni ya Dingshu. Omvera amene anaonapo amayi akutapa dongo lofewa kudambo angadabwe kumva kuti la ku Yixing limatuluka pansi lili mwala. Okumba amaliyanika pabwalo kuti mvula ndi dzuwa zilifumbutse, kenaka amalipera, kulisefa, kulikanda ndi madzi, ndi kulisunga pamalo a chinyezi kwa miyezi kapena zaka kuti likhwime. Lilipo la mitundu itatu ikuluikulu: lofiirira modera, lofiira, ndi lina lotuwa limene likapsa limaoneka lachikasu.

Mmisiri wa ku Yixing saumba pa gudumu lozungulira mothamanga monga amachitira oumba ambiri a maiko ena. Amatenga nthuli ya dongo n'kuimenya ndi chibonga cha mtengo mpaka itaphwatalala. Amadula kachidutswa kozungulira kokhala pansi, ndi kena kotalika kamene amakapinda n'kulumikiza mapeto ake. Akatero amalowetsa zala za dzanja limodzi m'kati, ndipo dzanja linalo limagunda kunja pang'onopang'ono ndi kathabwa, kufikira mimba ya tipoti itatumba bwino. Mlomo, chogwirira ndi chivundikiro amaziumba pazokha. Pomaliza amakulungiza thupi lonse ndi kachidutswa ka nyanga ya ng'ombe, monga mmene mayi wa kumudzi amachitira ndi nkhulungo, ndipo amadinda dzina lake kunsi. Tipoti imodzi yabwino imamudyera masiku angapo.

Pamenepa ntchito siinathe, pakuti woweruza wamkulu ndi moto. Makolo a ku Yixing ankawotchera mbiya zawo mu ng'anjo imene amaitcha ya chinjoka, chifukwa imamangidwa motalika, chokwawa ndi chitunda, mutu wake kumunsi ndi mchira kumtunda. Imodzi yotereyi, ya m'mudzi wa Qianshu, inamangidwa m'nthawi ya ufumu wa Ming, ndipo boma la China linaiika m'gulu la malo otetezedwa m'chaka cha 2006. Kutalika kwake kumapitirira mamita 40, ndipo m'nthiti zake zonse ziwiri muli mabowo oponyerapo nkhuni.

Moto amauyatsa kumutu, ndipo poyamba amausonkha mofatsa kuti chinyezi chichoke m'mbiya popanda kuzing'alula. Kutentha kukakwera, amuna amaima mbali iyi ndi iyo, n'kumaponya nthambi za paini m'mabowo aja, kuyambira kumunsi kunka kumtunda, usana ndi usiku. Dothi la zisha limapsa pa madigiri a pakati pa 1,100 ndi 1,200, kutentha kumene moto wa pabwalo sungafikeko. Makolo analibe choyezera. Mkulu wa ng'anjo ankasuzumira pabowo, ndipo mtundu wa lawi ndi kuwala kwa mbiya ndizo zinkamuuza nthawi yosunthira patsogolo. Akachedwa, matipoti ankapindika kapena kutuluka matuza. Akafulumira, ankatuluka osapsa. Ndiponso dongo limanyala m'moto, ndipo lofiira lija limanyala koposa, kotero kuti chivundikiro chimene chinkakwana bwino polowa chikhoza kutuluka chogwedera. Ng'anjo ikazizira ndi kutsegulidwa, ntchito ya miyezi ingapo ya banja lonse imadziwika tsiku limenelo ngati yapindula kapena yasanduka mapale.

Pofuna kuteteza matipoti ku phulusa ndi lawi, amisiri anaphunzira kuwaika m'mabokosi a dothi losapsa msanga. Masiku ano alipo ena amene amawotcha dala popanda mabokosiwo, kuti phulusa la paini ligwere pa tipoti, lisungunuke, ndi kusiya mawanga amene sangafanane pa matipoti awiri.

Chimene anthu amavutikira chonchi n'chakuti tipoti ya ku Yixing saipaka utoto wonyezimira uja wa pa makapu a m'sitolo. Thupi lake lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, timene timamwa pang'ono fungo ndi mafuta a tiyi, ndipo limasunga kutentha. Chifukwa cha ichi mwini wake saitsuka ndi sopo, koma ndi madzi otentha okha, ndipo tipoti iliyonse amaipatsa mtundu umodzi wa tiyi moyo wake wonse. Ikagwira ntchito zaka zambiri imayamba kuwala yokha. Ku Chaozhou ndi ku Fujian, kumene amakonda tiyi wa oolong, amasankha yaing'ono yokwana m'chikhatho. Amaidzaza masamba ambiri, kuthira madzi owira, kudikira kamphindi kochepa, ndi kugawira alendo m'timakapu tating'ono, mopanda shuga kapena mkaka. Masamba omwewo amawaviika kangapo, ndipo ulendo uliwonse amakoma mosiyana.

Mbiri ya matipotiwa inawoloka nyanja. M'zaka za m'ma 1600 amalonda a ku Holland ankapita nawo ku Ulaya pamodzi ndi tiyi, ndipo oumba a ku Delft, ku Staffordshire ndi ku Meissen anayesa kuwatsanzira. Kwawo komweko maina a amisiri monga Shi Dabin wa nthawi ya Ming, ndi Gu Jingzhou amene anabadwa mu 1915 ndi kumwalira mu 1996, amatchulidwa mwaulemu, ndipo ntchito za Gu Jingzhou zagulidwapo pa mamiliyoni ambiri a ndalama za ku China.

Koma kutchuka kunabwera ndi mavuto ake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ng'anjo za malasha, ndipo pambuyo pake za mafuta, za gasi ndi za magetsi, zinalowa m'malo mwa ng'anjo za chinjoka, popeza siziwononga mbiya zambiri ndiponso sizifuna nkhuni. Anthu odziwa kuwerenga lawi ndi maso anayamba kuchepa. Dothi nalonso linakumbidwa mopanda chisoni, mpaka m'chaka cha 2005 akuluakulu a mzinda wa Yixing analetsa kukumba pa phiri la Huanglong. Mu 2006 luso loumba zisha linalembedwa pa mndandanda wa chuma cha makolo cha dziko la China. Mu 2010 wailesi ya kanema ya boma inaulula kuti ochita malonda ena ankasakaniza dothi wamba ndi mankhwala opatsa mtundu, n'kumaligulitsa ngati zisha. Ogula ambiri anaphunzira mochedwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

N'chifukwa chake wogula wochenjera amayamba wayesa. Amathira madzi m'tipoti, n'kuipendeketsa kuti aone ngati madzi akutuluka mowongoka. Kenaka amatseka ndi chala kabowo ka mpweya ka pachivundikiro. Ngati mmisiri anakwanitsa ntchito yake, ndipo moto sunamulande, madzi aja amaima nthawi yomweyo.