AMENE AMANYAMULA ANA ATHU: MADALAIVALA NDI AKABAZA APHUNZIRE KUTETEZA OKWERA

Lero tikambirana za anthu amene timawapatsa ana athu tsiku ndi tsiku, ngakhale kuti mwina sitidziwa ndi maina awo omwe: madalaivala a minibasi ndi matakisi, makondakitala ndiponso akabaza.

Ambiri a ife muno mu Blantyre tilibe galimoto. Mayi wa ku Bangwe popita kumsika ku Limbe, mwana wa ku Machinjiri popita kusukulu m'tauni, wodwala wa ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa popita kuchipatala cha Gulupu, onsewa amadalira anthu amenewa. Ku Ndirande, kumene njira zina nzothina ndi zokwera phiri, njinga yamoto ndiyo imafika pakhomo. Makolo ena amapangana ndi wakabaza kuti azitenga mwana m'mawa ndi kudzamtula masana, malipiro pakutha pa mwezi. Pa ulendo wonsewo mwanayo amakhala m'manja mwa munthu mmodzi.

1. Kodi laisensi imatsimikizira chiyani?

Lamulo la pamsewu la chaka cha 1997 limati woyendetsa galimoto akhale ndi laisensi, ndipo wonyamula anthu molipiritsa akhalenso ndi chilolezo chapadera chochokera ku Road Traffic. Izi nzabwino. Koma laisensi imangosonyeza kuti munthu amadziwa chiwongolero ndi zikwangwani za pamsewu. Siitiuza zimene munthuyo angachite ataona mtsikana wa zaka 13 akulira pampando wakumbuyo, ali ndi bambo amene sakudziwa ngakhale dzina la mtsikanayo. Nchifukwa chake tikuti aliyense wonyamula anthu aziyamba waphunzira za kuteteza ana ndi ena osatha kudziteteza, asanalandire chilolezo chake.

2. Zimene zidachitika ku England

M'chaka cha 2014 Professor Alexis Jay adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa m'tauni ya Rotherham ku England. Adapeza kuti ana osachepera 1,400 adachitidwa nkhanza zogonana pakati pa 1997 ndi 2013, ndipo kuti matakisi ena ndiwo ankanyamula anawo kupita nawo kwa owazunza. Zitadziwika izi, khonsolo ya tauniyo idalamula kuti madalaivala a matakisi aziphunzira za kuteteza ana. M'chaka cha 2020 boma lidauza makhonsolo a ku England kuti maphunzirowa akhale chimodzi mwa zofunika popereka chilolezo. Iwo adachita izi madzi atatayika kale. Ife tisadikire kuti zifike pamenepo.

3. Malamulo athu akuti chiyani?

Malamulo oteteza okwera tili nawo kale. Kuyambira m'chaka cha 2017, malamulo oyendetsera dziko lino amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapatsa munthu aliyense wa m'dera udindo wokanena kwa mfumu, kupolisi kapena kwa alangizi a zachisamaliro cha anthu ngati waona kuti mwana akuzunzidwa. Lamulo la 2013 loona za kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi limaletsa kugwiragwira mkazi kapena kumlankhula zolaula iye asakufuna, ndipo wolakwa angathe kukhala m'ndende zaka 5. Lamulo loletsa kuzembetsa anthu la 2015 limawerengera ngakhale amene wanyamula munthu wozembetsedwayo akudziwa, ndipo wozembetsa mwana angathe kulamulidwa zaka 21.

Bvuto nlakuti ambiri ogwira ntchito pamasiteji sadauzidwepo zimenezi. Lamulo limene munthu salidziwa lidzamlanga ndithu akalakwa, koma silimthandiza kupulumutsa mwana lero.

4. Maphunzirowo akhale ndi chiyani?

Choyamba, kuzindikira zizindikiro. Mwana wa yunifolomu amene akupita naye kunyumba yogona alendo nthawi ya sukulu. Atsikana angapo akumudzi amene sakudziwa kumene akupita, ndipo amene akuwatsogolera sakuwalola kuyankha okha. Mwana wooneka woledzera kapena wamantha kwambiri. Bambo amene amatuma wakabaza yemweyo kukatenga kamtsikana usiku. Zoterezi zimaonekera kwa dalaivala msanga kuposa kwa mphunzitsi kapena wapolisi.

Chachiwiri, kudziwa kokanena. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo ndi yothandizira ana. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitidwa nkhanza, ya Victim Support Unit. Ku Gulupu kuli malo a Chikwanekwane, kumene wogwiriridwa amathandizidwa ndi achipatala, apolisi ndi alangizi pamalo amodzi. Ndipo aliyense adziwe kuti mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Wakabaza wodziwa zimenezi sangalole kuti banja litaye masiku likukambirana za chipepeso.

Chachitatu, khalidwe la wonyamulayo mwini wake: osapatuka panjira imene adagwirizana, osapempha nambala ya foni ya mwana wa sukulu, osamnyengerera ndi ulendo waulere, osatsitsa mwana kapena mayi pamdima chifukwa ndalama yapelewera, ndiponso kulemekeza okalamba, olumala ndi anzathu achialubino.

5. Chifukwa chiyani akhale okakamiza?

Ena anena kuti ofuna okha ndiwo aziphunzira. Koma tikatero adzabwera okhawo amene ali kale ndi mtima wabwino. Komanso dalaivala amene bwana wake akudikira ndalama madzulo sangasiye galimoto tsiku lonse pamene anzake akunyamula. Lamulo likakhudza onse, palibe woluza.

Ena anena kuti iyi ndi njira ina yodyera anthu osauka, poti akabaza ambiri akulephera kale kupeza ndalama ya laisensi. Dandaulo limeneli ndi lomveka. Choncho maphunzirowa akhale aulere kapena otsika mtengo, a m'Chichewa, a maola ochepa, ndipo azichitikira pafupi ndi siteji.

Tisaiwalenso kuti ambiri mwa anthuwa ndi ana athu, amuna athu, anzathu a m'miphakati, ofuna kudyetsa mabanja awo moona mtima. Sitikuwaloza chala. Maphunzirowa adzawateteza iwonso kuti asagwiritsidwe ntchito ndi anthu oipa, kenaka nkukathera kundende.

6. Nanga ife tichitepo chiyani?

Makolo, tidziwe dzina, siteji ndi wapampando wa wakabaza amene amanyamula mwana wathu. Mwana akanena kuti sakufunanso kukwera njinga ya uje, tisamkalipire, timfunse modekha. Ife okwera, tikaona kondakitala kapena woitanira akuchita chipongwe mtsikana, tisayang'ane kuwindo. Eni minibasi ndi njinga amene muli pano, funsani za khalidwe la munthu musanampatse makiyi.

Ngati nzika, tili ndi ufulu wopita kwa khansala ndi phungu wa dera lathu, ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre, ku Road Traffic ndi ku bungwe la eni minibasi la MOAM kukapempha kuti maphunzirowa akhale lamulo. Podikira zimenezo, tingathe kuitana apampando a masiteji ndi apolisi a m'dera lathu kuti tikambirane. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi ana a m'dera lathu amakumana ndi mabvuto anji paulendo wa kusukulu?
2. Nchiyani chimatiletsa kulankhula tikaona nkhanza m'minibasi kapena pasiteji?
3. Ndani mwa ife apite kukaonana ndi wapampando wa siteji yathu, ndipo apita liti?