Kukoka Msana ndi Mphamvu ya Mafupa

Lero tikambe za inu eni ake, pakuti ambiri mumadandaula msana. Sizodabwitsa: mwana kumbuyo, ndowa pamutu, ndiponso kuŵerama tsiku lonse m'minda ya mpunga ku Lifuwu.

Kuzipatala zina kuli chithandizo chokoka msana. Wodwala amamugoneka pabedi ndi kummanga lamba m'chiuno, ndipo makina kapena zitsulo zolemera zimakoka pang'onopang'ono kuti timafupa ta msana titalikirane, mtsempha wopanikizika upeze mpata. Ena amapezako bwino kwa kanthaŵi. Koma kukokako sikulimbitsa fupa mpang'ono pomwe, ndipo m'chaka cha 2023 bungwe la za umoyo la WHO linalangiza kuti njirayi isakhale chizoloŵezi pothandiza msana umene wapweteka miyezi yambiri. Fupa limalimba likamasenza thupi. Munthu akagona pamphasa masabata ambiri osayenda, mafupa ake amafooka.

Chondidetsa nkhaŵa kwambiri ndi zochitika kumudzi, kumene wodwala amauza abale kuti amkoke miyendo, kapena mwana amponde pamsana. Kodi adziŵa bwanji kuti fupalo nlamoyo? Chifuwa chachikulu sichigwira mapapo okha ayi. Chimaloŵanso m'mafupa a msana ndi kuŵadya mkati, monga chiswe chidyera mzati wa nyumba, kunja ukuoneka wabwinobwino. Fupa lotere likakokedwa kapena kupondedwa lingathe kuphwanyika, munthu nkutuluka linunda, mwinanso kufa miyendo. Mayi woyembekezera asakokedwe, chimodzimodzinso agogo amene mafupa awo anayamba kupepuka.

Poyamwitsa, thupi limatapa kashiamu m'mafupa anu kuti lipange mkaka, ndipo amabwerera mwana akaleka kuyamwa. Musasiye kuyamwitsa, koma muzidya bwino. Ife a kunyanja tili ndi mwayi, chifukwa usipa ndi matemba timadya ndi minga yomwe, ndipo kashiamu ali m'mingamo. Musagulitse zonse ku Senga Bay, zina zitsale za pakhomo, muzisinjirakonso mwana m'phala.

Msana ukapweteka koposa mwezi, makamaka ngati mukuwonda, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku kapena kumva dzanzi m'miyendo, pitani ku chipatala chachikulu cha Salima akakuunikeni. Mankhwala a chifuwa chachikulu ngaulere m'zipatala za Boma, ndipo akayambidwa msanga fupa limapola. Koma miyendo ikafooka, kapena mkodzo ukayamba kutuluka wokha, pitani tsiku lomwelo.